Khoma la kuseri kwa chinsalu cha a Zuze

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Zuze kumanda a paboma. Chaka chatsala pang'ono kukwana chiwaikireni. Mwana wawo Rozina anafuna kuti pamwalapo pakhale chithunzi, ndiye anavutika nacho kusaka, chifukwa munthu amene anajambula Mwanza yense, kuyambira makanda a ubatizo mpaka madalaivala a mathiraki, analibe chithunzi chakechake ngakhale chimodzi. Chimene chili pachilizapo n'chapafoni, cha mbuu, wina anawajambula mobera atayang'ana kumbali. Akanadzuka n'kuchiona, tonse tikanalalatiridwa. Ine nyimbo ndinaimba nawo, nkhata ndinaika, koma mtima wanga sunaphwe. Bambo aja ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndidakawapsera mtima. Chinawapha ndi nyumba yawo yomwe, iwo akudziwa bwinobwino kuti ikubwera.

Amene simuidziwa Mwanza, Layini ndi mzere wa nyumba zakalekale pakati penipeni pa boma, moyang'anana ndi msewu waukulu wotsikira kumalire. Akuluakulu amati anamanga ndi amwenye a masitolo, ndipo atachoka nyumbazo zinatsala m'manja mwa anthu akuno. Makoma ake ndi a zidina, njerwa zadothi zosawotcha, zosanjidwa mophatikiza moti pawindo umatha kukhalapo ngati pampando. Makonde ake ndi otakata, a mizati yachitsulo. Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Mulanje. Atanditumiza kuno ndinapeza nyumba ya lendi yogundana ndi ya a Zuze, khoma limodzi lotilekanitsa. Yawoyo inali yomalizira mumzerewo, kumbali inayo kunali ngalande. Kumaso kunali situdiyo, kuseri kachipinda kogona, ndipo ankakhalamo okhaokha.

Ndisakunamizeni, ku Layini n'kokoma. Mu Okutobala anzanga a m'nyumba zatsopano za malata otsika amabwera kusukulu atalefuka ndi kutentha, ine m'nyumba mwanga muli zii ngati mumtsuko. Msika ndi apa, chipatala ndi apo, kutchalitchi umanyamuka belu litayamba kale kulira n'kukapezabe malo. Ukakhala pakhonde Mwanza yense amadutsa pamaso pako: akabaza ochokera kwa Kanduku atamangirira mbuzi pakaliyala, mapikapu a ku Thambani odzaza mpaka pamwamba, amayi a manachesi, anyamata osintha ndalama akutsetserekera kumalire, mathiraki a manambala achilendo. Nkhani imatipeza ife isanafike pawayilesi. Ukadwala, usanabuule n'komwe, wina wagogoda kale kudzafunsa chifukwa chomwe sunasese pakhomo. Munthu ukazolowera moyo umenewu, kwina konse kumaoneka ngati kuthengo.

A Zuze ndiye anali atauzolowera mpaka m'mafupa. Ankanyoza kwambiri malo atsopano a kuseri kwa phiri, kumene a boma ndi a bizinesi akumanga nyumba za mipanda. Ankati anthu akumeneko amadziika m'manda adakali moyo, n'kulembanso mlonda woti aziwalondera mandawo. Ankatinso munthu wokalamba safuna mpweya wabwino kapena bata, zimenezo akazipeza kokwanira kutsogoloko. Chimene amafuna n'chakuti wina azimupatsa moni. Tsiku lililonse m'mawa ankasesa khonde, n'kutulutsa mpando wawo wa nsungwi, atavala tayi, kamera ili lende pakhosi, ngakhale zaka zomalizazi pamene mafoni anali atawalanda makasitomala pafupifupi onse. Moni ankayamba ndi iwo, ndipo ukadutsa osayankha bwino ankakuitana kuti ubwerere udzayambirenso.

Pantchito anali ovuta, abale. Munthu sunkamwetulira usanauzidwe. Ankakugwira chibwano ndi chala chimodzi n'kuchitembenuza ngati akusankha papaya, kwinaku akukunena kuti kolala yako yapindika ngati wagona nayo. Madalaivala akuluakulu, anthu oti pamsewu salankhulika, ankaima njo pamaso pawo ngati ana a sukulu. Akadina kamera ankati “pronto,” mawu okhawo a Chipwitikizi amene anawatsalira pakamwa, ndiye umadziwa kuti tsopano ukhoza kupuma. Kumbuyo kwako kunkakhala chinsalu chachikulu chotchinga khoma lonse la kumbali ya ngalande, chimene mmisiri wina wa ku Tete anawajambulira kalekale: nyumba zosanjikizana, masitepe oyera, ndege ikudutsa pamwamba. Lowani m'nyumba iliyonse kwa Kanduku kapena ku Thambani, mukapeza wina ataima patsogolo pa mzinda umenewo, atavala jekete yobwereka.

Koma ukali wonsewo unkathera pamvula. Kukangochita mdima kumapiri a kumalire, a Zuze ankalowetsa mpando wawo kuti pakhonde pakhale malo, n'kutsekula chitseko cha situdiyo. Aliyense ankabisalapo, wamalasha, wamisala, wapolisi, mayi wa dengu la tomato, onse mothithikana. Eni masitolo ena ankathamangitsa anthu poopa akuba. Iwo ankati khonde la ku Layini silinamangidwire mwini nyumba. Nthawi ngati imeneyo ndi imene ankasangalala kwenikweni, ataima pakati pa anthu onyowa, akufunsa aliyense kwawo ndi mwana wa yani.

Za kwawo kwa iwo eni sankazikamba, ndinazitolatola kwa ena. Anabadwira kutsidya kwa malire, kupitirira Zobue, ndipo mudzi wawo unatha ndi nkhondo ija. Kunalibenso wina woti n'kumupitira. Anakwatira kwa Kanduku n'kukhala pachikamwini zaka zambirimbiri, m'mawa kupalasa njinga kubwera kusitudiyo, madzulo kubwerera. Anamanga nyumba kumeneko, anadzala manachesi, analera ana. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anadikira kuti maliro athe, kenako anawakhazika pansi n'kuwasudzula monga mwa mwambo. Panalibe chipongwe chilichonse. Anawathokoza, anawauza kuti ndi omasuka, akhoza kupita kwawo. Nkhani inali yakuti kwawoko kunali kuti. Anamangirira sutikesi ndi wayilesi panjinga n'kubwera kudzagona kuseri kwa situdiyo. Kamodzi kokha ndi pamene anandiuzapo za zimenezi, nakonso mwachidule. Anati ku Layini kulibe mkamwini, aliyense ndi wobwera, ndiye palibe amene angakuthokoze n'kukuuza kuti uzipita.

Rozina, mwana wawo woyamba, ndi namwino ku Blantyre. Mtsikana wabwino, wodziwa makolo. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha pamalo a mayi ake kwa Kanduku, chipinda chimodzi n'kuchipatula kuti ndi cha bambo ake, bedi ndi matiresi zatsopano. Akuchikazi anavomera ndi mtima umodzi kuti madalawo abwerere. Akabwera kudzawaona, nkhani inali yomweyo, ndipo ine ndinkaimvera kuseri kwa khoma ndikusenda mbatata. Rozina ankati mwakula ababa, muno mukhala ndi yani. Iwo ankati ndikukhala ndi Mwanza. Pomaliza anagwirizana chinthu chimodzi, ndipo anachinena ndi a Zuze eni ake pofuna kuti awaleke: tsiku limene nyumbayo idzaoneke kuti yatha, adzakwera galimoto popanda kulimbalimba. Rozina anagwira mawu amenewo. Iwonso anawagwira, koma mwa njira yawo.

Mng'alu ndinauona ndine, mwangozi. Munali mu Julaye, masukulu atatsala pang'ono kutsekera, ndipo ndinkafuna zithunzi za pasipoti. Anandikhazika pakampando patsogolo pa chinsalu chija.

“Madamu, chibwano m'mwamba pang'ono. Musaphethire.”

Nthawi yomweyo kunadutsa thiraki yolemera yochokera kumalire. Pansi pananjenjemera monga mwa masiku onse, koma kumbuyo kwanga ndinamva dothi likuyoyoka, ndipo chinsalucho chinafufuma n'kundikhudza pamsana. Chitseko chinali chotseka, windo lotseka.

“Kuseri kuno kuli chiyani, bambo?”

“Khoma.”

“Khoma limatulutsa mphepo?”

“Mwabwerera chithunzi kapena mwabwera kudzayendera nyumba?”

Ndinadzuka n'kukweza chinsalucho. Mng'alu unayambira kudenga n'kutsika mokhotakhota mpaka pansi, waukulu woti dzanja langa n'kulowa. M'munsi anali atatsekamo nyuzipepala ndi sanza. Pamwamba, pomwe sankafikira, ndinaona kumwamba kuli mbee. M'tsinde mwa khomalo dothi linali lakuda, lonyowa, chilimwe chili pakati.

“Bambo, nyumba iyi ikugwa.”

“Inayamba kugwa inu musanabadwe. Idakagwabe.”

“Rozina akudziwa?”

“Rozina ali ndi ana ake oti aziwadera nkhawa. Tsitsani chinsalucho, mukundidetsera.”

Ndinawapanikiza mpaka anandiuza. Wina anamanga kagolosale pamwamba pa ngalande, chakumunsi, madzi n'kusowa kolowera. Dzinja lililonse ankadikha m'tsinde mwa khomalo, zidina n'kumamwa, mathiraki n'kumagwedeza. Anali atauona mng'aluwo ukukula kwa zaka, n'kumangosuntha misomali ya chinsalu kuti chizibisa bwino. Maukwati, makwaya, ana a ubatizo, onse aja ankaimikidwa pamenepo n'kuuzidwa kuti amwetulire.

“Madamu, zimene mwaonazi zithere momwe muno.”

“Sizithera muno. Denga lanu ndi langa ndi limodzi.”

Ine si munthu wosunga zinthu kukhosi. Ndinamuimbira Rozina tsiku lomwelo, ndipo ndinawauza a Zuze kuti ndamuimbira. Sanandilalatire. Anangosiya kundipatsa moni, ndipo kwa iwo chimenecho chinali chilango chachikulu kuposa ndodo. Ndikadutsa ankapukuta kamera. Akafuna kundiuza kanthu ankaimitsa munthu wodutsa, ine ndili pomwepo, n'kumutuma kuti akawauze a Madamu kuti nkhuku zawo zikuipitsa khonde. Rozina anati sangapeze mpata kuntchito mpaka kumapeto kwa Ogasiti, ndipo adzabwera ndi galimoto. Masukulu anatsekera, ine ndinapita kwathu ku Mulanje mtima uli m'malo, ndikuti nkhani yatha.

Ndinabwerako kumapeto kwa Ogasiti tsiku lina madzulo, m'mawa mwake pikapu n'kuima pa Layini, kumbuyo kuli zingwe zomangira katundu. Munatsika Rozina ndi malume ake, mkulu yemwe uja amene anayankhula mawu owasudzula a Zuze zaka zija. Ndinaganiza kuti tikapeza munthu atadzitsekera. Ayi ndithu. Chitseko chinali chotsekula, mipando yoyalidwa, tiyi ali pathebulo, iwo ali mu suti yawo yakuda ya maukwati. Anatuma munthu kudzandiitana. Anthu a pa Layini, poona galimoto ya zingwe, anayamba kuunjikana pakhomo.

Atatha malonje, Rozina anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake.

“Ababa, tabwera kudzakutengani. Munalonjeza nokha.”

“Ndinalonjeza. Ndinati nyumba ikatha. Wakuuza ndani kuti yatha?”

“A Madamu anaona mng'alu.”

“Ndi awa a Madamuwo. Atisonyeze.”

Anadzuka pang'onopang'ono, anakwera pakampando, n'kuyamba kumasula chinsalu pamisomali, umodzi umodzi, osafulumira. Chiyambire palibe amene anaonapo chinsalucho chitatsitsidwa. Chitagwa pansi, tonse maso anali pakhoma. Khoma linali losalala kuyambira kudenga mpaka pansi, lomatidwa simenti, lopakidwa penti wobiriwira wonyezimira. Panalibe ngakhale kamzere.

“Mng'alu uja uli pati, Madamu? Tithandizeni, maso athu ndi okalamba.”

Pakhomo paja wina anaseka, ena n'kulandira. Rozina anadzuka, anasisita khomalo ndi chikhatho, anatuluka kukaliona kunja. Nakonso linali lomatidwa bwinobwino mpaka m'tsinde. Anabwerera maso ali pansi n'kugwadanso.

“Pepani ababa. Ndinangomva za anthu.”

Malume aja anamaliza tiyi wawo, anagogoda pansi ndi ndodo, n'kunena kuti nyumba ndi yolimba iyi alamu, ya masiku ano singafanane nayo. Ndikuganiza kuti nawonso mtima unatsika, chifukwa sankadziwa kuti akayang'anana bwanji tsiku ndi tsiku ndi munthu amene anamuuza kuti azipita. A Zuze anali asanathane nafe. Anawaimika awiriwo patsogolo pa khoma lobiriwiralo, popanda chinsalu, anakonza chibwano cha mwana wawo ndi chala, anabwerera m'mbuyo n'kudina. “Pronto.” Pikapu inabwerera ndi zingwe zake, mutangokwera dengu la manachesi.

Anthu atabalalika ndinatsalira. Manyazi anali atasanduka mkwiyo. Ndinapita pakhoma paja n'kugogoda ndi nkhonya. M'mbali linkamveka lolimba. Pakati, motsata mmene munali mng'alu muja, linkalira ngati chigubu chopanda madzi.

Chimene chinandiopsa n'chakuti munthu amene anatiphunzitsa tonse pa Layini za simenti anali iwowo. Chaka chilichonse mvula isanayambe ankapaka laimu makoma awo, n'kumayenda khomo ndi khomo kukalipira aliyense wofuna kumata simenti pazidina. Ankati khoma la dothi limatuluka thukuta. Laimu amalola kuti liume, simenti imatsekera madzi m'kati, kunja kumaoneka bwino m'kati mukuphikidwa phala. Tsopano anali atachita okha chimene ankaletsa, ndiponso kumbali zonse ziwiri, kuti madzi a m'ngalande akalowa pansi asapezenso potulukira.

“Si inu nomwe munkatiletsa zimenezi?”

“Ndikudziwa zimene ndinkanena.”

“Nanga mwachitiranji?”

“Laimu sabisa mng'alu, Madamu.” Anali akupinda chinsalu, osandiyang'ana. “Ingondipirira dzinja limodzi. Ine ndi iyo tiona woyamba kugwa.”

Kuyambira tsiku limenelo anayambanso kundipatsa moni, mwansangala kuposa kale, poti anali atapambana. Ndinamuimbiranso Rozina n'kumufotokozera za simentiyo. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako anati, “A Madamu, zikomo chifukwa chowaganizira, koma ndinaona ndi maso anga. Tisawavutitsenso.” Ndinakauza mwini nyumba yanga, iye anati nyumba za pa Layini zinaona mvula zambiri. Ndinauza anthu a kutchalitchi, anandiyang'ana ngati mayi uja anachita manyazi pagulu ndiye akufuna pobwezera. Palibe chopweteka ngati kudziwa chinthu wekha, tsiku lililonse n'kumachidutsa popita kuntchito.

Mvula inayamba bwino mu Disembala. Ngalande inadzaza monga mwa nthawi zonse, madzi n'kudikha. Chinsalu chinali chitabwerera pamisomali yake. Choyamba kusintha chinali fungo: ukalowa mu situdiyo munkanunkha ngati m'dzenje lokumbidwa kumene. Kenako chitseko chinayamba kukana kutsekeka. Ndinawapeza tsiku lina akuchipala m'mphepete ndi mpeni, n'kundiuza kuti matabwa amafufuma nthawi ya dzinja. Patapita masabata angapo anachipalanso. Mu Januwale galasi la pawindo linasweka lokha masana, popanda woligenda, iwo anati ndi ana a mpira. Kwanga mbale zinayamba kugundana m'kabati thiraki ikamadutsa, zomwe sizinkachitika kale. Koma m'mawa uliwonse mpando wa nsungwi unkatuluka, tayi ili pakhosi. A Zuze anaonda, maso analowa m'kati, ndipo anayamba chizolowezi chodukiza nkhani pakati n'kupendeketsa mutu ngati wina akuwaitana m'nyumba.

Mu Febuluwale kunagwa mvumbi wosalekeza, masiku angapo dzuwa osaoneka. Tsiku lina la msika, chakumasana mvula inawonjeza mphamvu. Anthu anathamangira pakhonde la a Zuze monga ankachitira, ena mpaka m'kati mwa situdiyo. Ine ndinali kwanga ndikuchonga makope. Ndinamva a Zuze akuyankhula ndi mawu okwera, amene ndinali ndisanawamvepo.

“Tulukani. Nonse. Si kwanu kuno.”

Ndinasuzumira. Anali atanyamula miyendo itatu yoikapo kamera, akukankha nayo anthu ngati akutulutsa mbuzi m'khola. Mayi wina wa mwana kumbuyo anati, “Agogo, mvula yonseyi tipite kuti?” Iwo anangotenga dengu lake n'kuliponya pamsewu, tomato n'kumwazika m'matope. Anachotsa onse, a m'kati ndi a pakhonde omwe, mpaka wamisala amene ankagona pakona. Anthu anawolokera kumasitolo a kutsidya kwa msewu akutukwana, akuti mdala uja wapenga tsopano. Ine ndinadziwa kuti sanapenge. Ndinatenga foni n'kuthamangira komweko.

Chinsalu chinali pansi, m'madzi. Khoma lobiriwira lija linali litatupa pakati ngati mimba, penti atasweka, ndipo m'munsi mwa simenti munkatuluka matope ofiira, pang'onopang'ono, osaleka. Linkamveka kulira kwake, tetete, ngati nkhuni zikamayamba kuyaka. A Zuze anatulukira kuchipinda chogona akukoka mtengo wabulugamu wautali. Unali wosendedwa kale, wosongoledwa kale. Anali ataukonzeratu.

“Tulukani, bambo.”

“Ndingochirikiza apa. Ikakata mvulayi timatanso.”

“Ndagwira mwendo wanu, tulukani. Mukakhala kwanga. Kwa Kanduku simupita, ndikulonjeza.”

“Ikagwa ndipita. Ndinalonjeza ndine.”

Ndinawagwira mkono. Munthu wowonda uja anali ndi mphamvu zimene sindinkaziyembekezera. Anandikankhira pakhonde, ndipo maso awo anagwera pafoni imene inali m'dzanja langa.

“Musamuimbire Rozina.”

Anakankha chitseko, chinakana kutsekeka, anachisiya chomwecho. Ndinathamangira pamsewu ndikukuwira amuna amene anali kutsidya kuti adzandithandize kuwatulutsa, chala chikudina kale nambala ya Rozina. Amunawo ankangondiyang'ana, poti anali atangothamangitsidwa kumene. Awiri anayamba kuwoloka, n'kuima kuti thiraki idutse. Sikunamveke chiphokoso chachikulu ayi. Khomalo linangokhala pansi ngati munthu wotopa, denga n'kulitsatira. Kenako kunatsala mvula yokha, ndi mawu aang'ono m'dzanja langa akuti, “Halo, a Madamu? Halo?”

Anawafukula ndi anthu omwe aja anawathamangitsa, ndi makasu a mumsika ndi manja. Mayi wa tomato uja anafukula nawo, mwana ali kumbuyo. Anawapeza atakumbatira mtengo wawo. Palibe wina aliyense amene anavulala, ngakhale kukalika.

Pamaliro Rozina sanandifunse za khoma, ndipo ine sindinamukumbutse za mafoni aja. Anali atasenza kale zokwanira. Akuchikazi anapempha kuti thupi lipite kwa Kanduku, iye anakana, anati bambo ake agona paboma. Anthu atachepa anandikokera pambali n'kundifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati bambo ake ananena kanthu pomaliza. Ndinamuuza kuti anatchula dzina lake. Anagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso ndi chitenje. Sanafunse zambiri, inenso ndinalekera pomwepo.

Pamalopo tsopano ndi pambalambanda. Malata anatengedwa, mitengo ya denga inapita kukaphikira, zidina zinasungunuka n'kubwerera kudothi, pamera bonongwe ndi chisoso. Chatsala ndi simenti yofiira ya pansi, yong'ambikang'ambika, ndi mizati iwiri ya khonde imene siikunyamulanso kanthu. Akabaza amaimikapo njinga podikira anthu. Obwera kumene ku Mwanza amadutsapo ngati njira yachidule yopita kumsika, osadziwa kuti akuponda m'chipinda cha munthu.

Yomalizira mumzere tsopano ndi nyumba yanga, ndipo khoma lija linkatilekanitsa layang'ana kungalande. Silinamangidwe kuti liziombedwa ndi mvula. Mwini nyumba anabweretsa mitengo iwiri n'kulichirikiza kunja, akuti mongoyembekezera. Kusukulu anandipatsa nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa phiri, ya njerwa zowotcha, ya mpanda. Ndinapita kukaiona, ndinaima pabwalo kwa kanthawi, sikunadutse munthu. Makiyi ndinalandira, ali m'chikwama, ndipo kumapiri a kumalire kwayambanso kuchita mdima masana. Amayi a kaunjika atulukira kuti mitengo iwiri ija ndi yabwino kukolekapo malonda, ndiye m'mawa uliwonse pamakhala madiresi ndi majekete ali lendelende. Ndinawapempha kuti asamakolekepo zolemera.